Jeli ya Pathandala

Dzuwa litapendeka, banja lonse la a Nowa linali pakhonde kuswa mtedza. Sunali wa mbewu ayi. Unali wa Mirriam, mwana wawo wotsiriza, amene m'mawa mwake amanyamuka ulendo wa ku Nsanje kukayamba ntchito ya uphunzitsi. Amayi ake, a Nachisale, anali atanenetsa kuti mwana sapita kwa eni chimanjamanja ngati wothawa mlandu, ndiye aliyense anamuthirira mulu wake. Ngakhale a Nowa, amene ankakonda kunena kuti zala zawo n'za fodya, anakhala pampando wa ndalema, kambale kali pamiyendo, akuswa iwiri n'kudya umodzi.

"Ababa, mtedza wanga ukuthera m'kamwa mwanu," anatero Mirriam.

"Ndikulawa ngati mulibe wa chuku. Ukufuna ukadwale m'mimba kwa eni?"

"Nanga wa chukuwo ndi waukuluukulu wokhawokha?"

Onse anaseka. Luckness, mkazi wa mwana wawo Moffat, mtengwa wa pakhomopo, anasekanso, koma maganizo ake anali kuseri kwa khitchini. Anali atangofika kumene kuchokera kusikelo, kamwana kake Promise kali m'tulo kumbuyo, ndipo anangofikira pamphasa chifukwa sizikanaoneka bwino kudutsa anthu ali pantchito. Ankaswa mofulumira kuti mulu wake uthe, akaone ngati penti yake yauma.

Luckness ankadinda zithunzi. Luso limeneli analitola ku Lilongwe asanakwatiwe, pamene ankathandizira pasukulu ina ya mkaka, ndipo anabwera nalo kuno kwa Dzoole monga ena amabwerera ndi makina osokera. Chida chake chachikulu chinali jeli: chinthu chathyathyathya, chachikulu ngati thireyi ya tiyi, choonekera ngati galasi koma chofewa, chonjenjemera ukachigwira. Anachiphika yekha ndi ufa wa jelatini ndi gilisalini yemweyu wodzola. Ankapakapo penti ndi kachogudubuza ka labala, n'kusanjapo masamba, n'kuphimba ndi pepala, n'kusisita ndi chikhatho. Akasenda pepalalo, tsamba linkatuluka ndi mitsempha yake yonse, ngakhale pamene mbozi inaluma. A Nowa atachiona koyamba anati, "Ichi n'chiwindi cha ng'ombe chosuluka," ndipo dzinalo linakanirira. Makadi ambiri a ukwati ndi a ubatizo m'dera limenelo anadutsa pa chiwindi chimenechi.

Koma ntchito ya tsikulo sinali ya anthu akunja. Sabata yathayo, akuchapa kumjigo, Mirriam anamuuza kuti, "Alamu, akuti ku Nsanje kulibe msuku. Mundidindire masamba a msuku uja wa kuseri kwa khola, ndikapachike pamene ndizikagona." Luckness analonjeza. Ndiye m'mawa wa tsikuli anapaka penti yobiriwira, n'kudinda masamba pajelipo, n'kuwachotsa mosamala. Chithunzi chawo chinatsala pamenepo, choyenera kuuma kaye gwa, kuti madzulo adzapake penti yoyera pamwamba n'kuchinyamulira chonse papepala. M'nyumba munali mofunda, mopanda kamphepo. Anaika jeliyo kumapeto kwa thandala la mbale, pamene pamadutsa mphepo yochokera kumapiri a ku Ntchisi, iye n'kubereka mwana, ulendo.

"Amake Promise," anatero a Nachisale uku akupeta makoko palichero, "chija munasiya pathandala ndakutsukirani."

Zala za Luckness zinaima.

"Chiti, amayi?"

"Chiwindi chanu chija. Munachoka mothamanga, ndikudziwa, za sikelo sizidikira. Ndinachipeza litsiro litaumirapo, chobiriwira ngati ndere. Ndinati madzulo ano kubwera azakhali a Mirriam kudzatsazika, adzati mtengwa wa pano satsuka ziwiya. Madzi okha chimakana. Ndinachita kuchikwecha ndi mchenga ndi chitsononkho. Mukachione, chayera mbee!"

Moffat anatsamwa ndi mtedza. Mirriam anayang'ana mlamu wake, kenako anayang'ana pansi. A Nachisale sanaone zimenezo; anali kuuzira tizinyalala m'lichero, nkhope yawo ili yokhutira ngati ya munthu amene wabisira mnzake manyazi.

"Zikomo, amayi," anatero Luckness. Anatola mtedza wina n'kuuswa. Anamaliza mulu wake wonse, n'kukhuthulira m'lichero, n'kukutumula chitenje, kenako n'kupempha njira.

Jeliyo anaipeza ataiyedzamiritsa bwinobwino pakati pa mapoto, ikudontha madzi. Inalidi yoyera. Za masamba a msuku panalibe ngakhale kadontho. Koma ataitukula kuloza kudzuwa anaona zimene ankaopa: nkhope yake yonse, imene inali yosalala ngati madzi a m'ndowa, inali ndi mikwingwirima yokhotakhota, ina yozama, ina yongokanda pamwamba, ndipo timchenga tinali titalowerera m'kati.

Moffat anamupeza ali chomwecho.

"Aononga eti?"

"Akala."

"Ndikawauze. Amayi aja chilichonse amachiona ngati poto. Tsiku lina adzakwecha foni yanga."

"Mukawauze chiyani, bambo a Promise? Kuti anatsuka chinthu chimene anachipeza pathandala? Pathandala amaikapo chiyani?"

Moffat anakanda kumutu. "Ndiye ingochisungunula. Suja unati chikaonongeka umachiduladula n'kuphikanso?"

"Ndi dzuwa la Okutobala lino? Chikhala phala mpaka mkuja. Ulendo watha uja ndinachita kukapempha firiji kugolosale ya a Felton ku Madisi, mwaiwala? Mirriam akhala atafika kale ku Nsanje."

"Akhoza kudikira. Tidzamutumizira."

"Ndinamuuza kuti anyamula yekha."

Anayankhula motsitsa, koma Moffat ankawadziwa mawu amenewo. Anayang'ana chakukhonde kumene amayi ake amamanga pakamwa pa thumba la mtedza.

"Komabe akuyenera kudziwa," anatero.

"Mwana wawo akuchoka mawa. Lero si tsiku loti agone ndi chinthu pamtima. Madzi akatayika saoleka. Inu pitani mukathirire nazale, fodya akufota. Munditengereko Promise mukamusiye kwa agogo ake aamuna, awathandize kulawa chuku."

Moffat anaseka monyinyirika, n'kumasula mwanayo kumsana kwa mkazi wake.

Luckness anatulutsa katebulo kake kuseri kwa nyumba yawo, pamthunzi wa mpapaya. Anayamba ndi kuchotsa mchenga. Anaviika kansalu kofewa m'madzi ozizira, n'kumatsata mkwingwirima uliwonse ndi nsonga ya chala, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Atatha anapita kuseri kwa khola kukathyola masamba ena a msuku. Mapepala olimba, aja oyera ngati ufa woyera, anali atatsala awiri okha, ndiye oyeserera anang'amba m'makope akale a Mirriam.

Poyamba anaganiza zobisa. Anafinyira penti yambiri kuti ikwirire mikwingwirima, n'kugudubuza, n'kusanja masamba. Atasenda pepala anaseka yekha. Masamba anali atatsetsereka m'pentimo, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati pamene ng'ombe yaponda m'matope. Anapukuta jeliyo n'kuyambiranso. Ulendo uno anapaka pang'ono kwambiri, mpaka kachogudubuza kakulira kuti tsetsetse, monga kamachitira penti ikakwana. Masamba anatuluka bwino, mitsempha yonse poyera. Koma kumbuyo kwawo, pepala lonse, kunali timizere toyera tokhota, tina pamwamba pa tinzake, chifukwa penti sinalowe mmene munakalidwa.

Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Sizinali zimene analonjeza. Ankafuna masamba ali okha pamalo oyera, monga ankachitira pamakadi. Anayamba kuganiza zodula pepala lolimba kuti likwane pakangodya kamodzi kakumunsi kamene mchenga sunafike, adindepo katsamba kamodzi kakang'ono. Kanali kamalo kochepa, kosakwana ndi chikhatho.

"Alamu, mukulira?"

Anali Mirriam, atanyamula nsapato zimene amati akazitsuke.

"Ndilire chiyani? Wopita ku ng'anjo ya moto ndinu. Mudzabwera kuno mutapsa ngati mbatata yootcha."

"Nsanje basi! Inu mukutsala ndi fumbi la kwa Dzoole." Anaika nsapato pansi n'kusuzumira patebulo. "Amayi aononga kwambiri? Musavutike, alamu. Mudzandipatsa pa Khirisimasi."

"Taonani nokha."

Mirriam anatenga pepalalo ndi nsonga za zala. Analiyang'ana, n'kulitembenuza, n'kuliyang'ananso. Kenako anakhala pansi pomwepo, padothi.

"Iyi ndi nyumba ya amayi," anatero.

"Nyumba?"

"Pansi pake. Simuona? Akamazira ndi mtsiro amayenda chonchi." Anatambasula dzanja n'kujambula uta m'mwamba, kenako wina pambali pake, wina pamwamba. "Komanso taonani kumene yapendekera. Amayi ndi amanzere. Mudzi wonse uno mizere yozira imagwera uku, ya amayi yokha imagwera uko. Ndili mwana ndinkagona chafufumimba n'kumaitsata ndi chala. Tsiku lina ndinaponda asanaume, mapazi anga anakhala pakhomo mwezi wathunthu, ndipo khutu ili linandiwawa mwezi womwewo."

Luckness anakulira pa Madisi, m'nyumba ya simenti. M'nyumba ya apongozi ake ankalowa tsiku ndi tsiku, atagwada kapena atawerama, koma pansipo ankangoona kuti m'poyera. Anatenga pepalalo n'kuliika patali pang'ono. Zinalidi choncho. Siinali mikwingwirima yachisawawa. Uta uliwonse unkayambira pamene unzake wathera, mofanana, mosadumpha, ngati mizere ya m'munda wa paphiri.

"Mukufuna ndiibise kapena ndiionetse?" anafunsa.

"Mungathe kuionetsa?"

"Funsani ngati mbuzi ingathe kudya chimanga. Tandipatsirani kabotolo kofiirira ako."

Tsopano manja ake anadziwa chochita. Anasakaniza penti yofiirira ndi kadontho ka yakuda mpaka inafanana ndi dothi la kudambo. Sanagudubuze. Anaipaka ndi chala, akuikankhira m'mikwingwirima, kenako anapukuta pamwamba ndi kansalu konyowa, kuti penti itsale m'kati mokhamokha. Anadikira kuti iume, akuikupiza ndi chikuto cha kope. Atatero anagudubuza penti yotuwira ngati mtsiro wouma, yopyapyala, n'kugoneka limodzi la mapepala olimba aja. Anasisita ndi chikhatho kuyambira pakati kupita m'mbali, osathamanga. Mirriam anafuna kusenda.

"Dikirani, alamu. N'chifukwa chake munaponda pozira."

Atasenda, jeliyo inatsala yoyera ndipo zonse zinali papepala: pansi pa nyumba ya a Nachisale, mauta akuda pa dothi lotuwa. Luckness anapakanso yobiriwira pa tsamba lenileni la msuku, n'kulidinda pamwamba, ndi linzake laling'ono pambali, ngati masamba amene mphepo yalowetsa pakhomo. Kumunsi kokha, pa kangodya kaja, kunatsala kopanda mizere.

Onse awiri anali chiweramire pamene mawu anamveka kumbuyo kwawo.

"Mirriam, thumba la ufa lija ndimange ndekha? Azakhali ako ali panjira."

A Nachisale anaima ndi chingwe m'manja. Luckness anadzuka n'kuwapatsa kampando, koma iwo sanakhale. Maso awo anali pa pepala, kenako pa jeli, kenako pa mapepala oyeserera amene anali mbwee pansi. Anatola lija la matope. Anatola lachiwiri. Anagwira jeliyo ndi chala n'kumva mmene inakalikira. Sanali munthu wofuna kumuuza kawiri.

"Chija ndinatsuka sichinali litsiro," anatero.

Kenako anatembenukira kwa Luckness.

"Amake Promise, ndifunse inu. Ndakuonongerani chinthu?"

Luckness anagwada pambali pa tebulo. Anaganiza zonena kuti palibe kanthu, koma anaona kuti mayiwo alizindikira bodzalo, ndipo liwapweteka kuposa zoona.

"Chinali chithunzi cha Mirriam, amayi, ndimachiumitsa. Ndipo chiwindichi sichifuna mchenga, chimakalika. Koma wochiika pathandala ndine, osakuuzani. Komanso chimaphikidwanso, sichinafe."

"Ndiye munangoti zikomo? Ine n'kumadzitama pamaso pa anthu?"

"Munanditsukira kuti ndisanenedwe. Zikomoyo inali ya chimenecho."

A Nachisale anapukusa mutu, akupinda chingwe chija m'manja. Mirriam anadzuka msanga n'kuwaonetsa pepala lolimba lija.

"Amayi, tayang'anani bwino. Ichi n'chiyani?"

"Ndi kuononga kwangako."

"Iyayi, yang'anani. Mwaona kuti zimenezi?"

Mayiwo analitalikitsa pepalalo chifukwa maso awo sankaonanso bwino pafupi. Kenako dzanja lawo lamanzere linayamba kuyenda lokha m'mwamba, kutsata mauta aja.

"Ii! Koma ndiye ndi pabalaza panga," anatero.

"Ndikukapachika ku Nsanje."

"Ukapachike zokwecha zanga? Anthu ophunzira akaone?"

"Akaone. Akafunsa ndikati amayi anga ndi amanzere."

A Nachisale anaseka mosafuna, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anayang'ananso pepalalo, ndipo nkhope yawo inasintha. Inakhala ija amakhala nayo akamayendera nyumba imene mtsikana wazira koyamba.

"Ndikanadziwa kuti zikaoneka ndi anthu, ndikanakwecha bwino. Taonani apa." Analoza kangodya kakumunsi. "Apa sindinafikepo. Munthu wozira sasiya ngodya. Akati mayi ake ndi aulesi."

"Palibe akaone zimenezo, amayi," anatero Mirriam.

"Ndaona ine."

Luckness anayang'ana jeli yake. Kangodya kameneko ndi kokhako kamene kanatsala kosalala. Pakanatha kudindidwa timakadi ting'onoting'ono mpaka nyengo itazizira. Pepala lolimba linatsala limodzi. Anadzuka, n'kupita kuthandala, n'kubwera ndi chitsononkho chija ndi kamchenga m'chigoba. Anaziika patsogolo pa apongozi ake ndi manja awiri.

"Malizitsani, amayi."

"Mukunena zoona?"

"Koma mopepuka. Si poto wa nyemba."

Pamenepo a Nachisale anakhala pakampando paja. Anakwinya chitenje m'mawondo, n'kunyowetsa chitsononkho, n'kuchigunditsa pamchenga. Anayang'ana kaye pamene mauta akale anathera. Kenako dzanja linayenda, kamodzi, kawiri, kangapo, uta uliwonse kulumikiza unzake, mpaka m'mphepete. Anayedzamira m'mbuyo n'kuona, n'kuwonjeza kamodzi kakang'ono pamapeto penipeni.

"Eya. Tsopano yatha nyumba."

A Nowa anatulukira pangodya ya nyumba atanyamula Promise, amene anali atadzuka ndipo amawakoka ndevu.

"Ndimati anthu athawira kuti. Nachisale, mwayambanso? Chiwindi cha eni chikulakwirani chiyani?"

"Inu khalani chete, ndili pantchito. Mwamaliza mtedza wa mwana?"

"Wa chuku ndamaliza."

Luckness anachotsanso mchenga, n'kubwereza zonse monga poyamba: yofiirira m'mikwingwirima, kupukuta, kudikira, yotuwa pamwamba. Atagoneka pepala lotsiriza anagwira dzanja la apongozi ake n'kuliika pamenepo.

"Sisitani inuyo. Ngati mukusisita mwana kumsana."

Anasisita. Luckness anagwira ngodya ya pepala n'kusenda pang'onopang'ono, onse atasonkhanitsa mitu. Mizere inatuluka yonse, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Masamba anasankha Mirriam, malo owaika anasankha amayi ake. Iwo anakana kuti akhale pakati; anati zinyalala za mphepo zimaima chakukhomo.

Pamene Moffat amabwera kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, anapeza zithunzi ziwiri zili pachingwe cha zovala, zitapanidwa ndi mapegi, ndipo azakhali amene anabwera kudzatsazika ataimirira patsogolo pake. A Nachisale ndi amene amafotokoza.

"Ichi chopanda ngodyachi n'choyeserera. Chenicheni ndi ichi. Umayamba wakwecha, kenako amake Promise amathira mankhwala awo."

Moffat anayang'ana mkazi wake. Luckness anali kutsuka kachogudubuza m'beseni, ndipo anangomukwezera nsidze.

M'mawa mwake njinga yamoto ya kabaza inafika dzuwa lisanakwere, kuti Mirriam akapeze minibasi pa Madisi. Katundu anachuluka kuposa njinga. Panali chikwama, thumba la ufa, la mtedza, ndi nkhuku imene azakhali anabweretsa, imene wakabazayo anaikana mpaka a Nowa atamunyengerera. Chithunzi chenicheni chija Luckness anachiika pakati pa makatoni awiri n'kumanga ndi ulusi. Mirriam anakana kuti chilowe m'chikwama, anachikumbatira pachifuwa.

"Musakachipachike padzuwa, chisuluka," anatero Luckness.

"Ku Nsanje kuli pena popanda dzuwa?"

"Ndiye mukachiike pansi pa bedi, muzikagona chafufumimba."

A Nowa anapemphera mwachidule, chipewa chili m'manja. Njinga inalira, n'kutsika kanjira ka pakati pa minda imene anthu anali atayamba kale kugalauza. A Nachisale anaima mpaka fumbi litakhazikika. Kenako analowa m'nyumba. Chithunzi chija chopanda ngodya anali atachitsomeka kale kuseri kwa kalendala ya mpingo, kangodyako katabisika.

Atatuluka anali ndi beseni ndi kakhasu.

"Chipinda cha Mirriam chakumbika ndi miyendo ya bedi," anatero, osayang'ana munthu. "Ndikatape mtsiro kudambo dzuwa lisanalimbe."

Luckness anali kusonkhanitsa makapu a tiyi. Anawaika m'madzi, n'kupukuta manja.

"Ndidikireni, amayi, ndibereke mwana. Khitchini yanga nayonso yafumbuka."

"Mumatha kuzira inu, a pa Madisi?"

"Mukandionetsa."

"Ndine wamanzere, mudzasokonezeka."

"Tikaona komweko."

Anabereka Promise, n'kutenga ndowa yake. Podutsa pathandala a Nachisale anaima, n'kuloza kasupuni kamene kanali ndi penti yofiirira youma.

"Nanga aka?"

"Ako tsukani, amayi. Ndi kasupuni chabe."

Anakaponya m'beseni la makapu, ndipo awiriwo anatsetsereka kulowera kudambo.